Timipira Sikisi Mbali ya aNyazimba

Mpaka lero, ndikatsegula thumba la mpunga wa kwathu ku Chama, fungo lake n'kundimenya m'mphuno, chimene ndimaona m'maso mwanga si mbale ayi, koma chulu. Chinali chulu chachikulu chotuwa, chokhala ndi mtengo wa bwemba pamutu pake, chitaima pakati pa dambo ngati kachilumba, m'malire enieni a munda wathu ndi munda wa aNyazimba. Ndimaona timipira tadothi titayanikidwa padzuwa m'munsi mwa bwembayo, ndipo ndimamva mawu a asisi anga akuwerenga motsitsa ngati munthu amene akupemphera. Ana anga amandiseka ndikamanunkhiza mpunga nthawi yaitali ndisanautsuke. Sadziwa kuti ndimakhala ndapita kutali, kumudzi kwathu kufupi ndi Tembwe, chaka china chapakati pa zaka za m'ma 1990, pamene ndinali kamtsikana ka giredi faifi, ka miyendo yotuwa ndi mawu akuthwa omveka mpaka tsidya la dambo.

Inali nyengo yolinda mpunga. Mvula inali itatsanzika, masukulu atatseka, ndipo ngala zinali zitayamba kuwerama ndi kulemera. Amene sanalindepo mpunga amaganiza kuti ndi ntchito yokhala pansi, koma ayi. Umadzuka mame asanaume, n'kuponda matope ozizira olowa mpaka m'mafupa, udzudzu ukuimba m'makutu, misundu ikukudikira m'madzi otsalira. Ukangofika, mpheta nazo zafika. Zimabwera ngati utsi, mtambo wathunthu wopindika uku ndi uku, ndipo zikatera kamphindi chabe, ngala zimatsala mankhusu okhaokha. Tinkamanga zingwe za luzi kuchokera pachulu mpaka kumapeto a munda, n'kupachikapo zitini zokhala ndi timiyala, kuti tikakoka zilire. Tinkafuula mpaka pakhosi kuuma. Ntchito yanga yeniyeni inali youmba timipira tadothi toponya ndi malegeni, chifukwa m'dambo mulibe miyala yokwanira. Ndinkakumba dothi lamakande m'mbali mwa chulu, kulikanda, kulibulungiza m'manja, n'kuyanika. Totsala ndinkaumba ng'ombe za nyanga zazitali ndi timiphika tophikira masanje. Masana tinkaotcha mbatata pamoto wa ziputu, n'kumatsopa bwemba mpaka mano kuyayamira.

Chaka chimenecho ndinkalinda ndi asisi Esinala, oyamba kubadwa m'nyumba mwathu. Iwo anali atamaliza sekondale ku boma, koma sayansi inawagwetsa, ndipo popanda sayansi khomo la sukulu ya unamwino, limene analilakalaka kuyambira ali mwana, linali lotseka. Anachonderera adada kuti awalole kulembanso mayeso kumapeto kwa chaka. Adada sanali munthu woipa, koma anali munthu woopa pakamwa pa anthu, ndipo anthu anali atayamba kale kufunsa kuti mtsikana wamkulu chotere akudikira chiyani pakhomo. Anavomera mokoka miyendo, nati aka ndi komaliza. Mphunzitsi wina wachifundo wa ku boma anawabwereka asisi buku lalikulu lonenepa ngati njerwa, loposa ngakhale zimene mayeso ankafuna, ndipo iwo ankalikulunga m'chitenje ngati khanda, n'kupita nalo kumunda tsiku lililonse. Amama ankawaika dzanja pamutu m'mawa tisananyamuke, n'kunena kuti Ambuye amene anapanga zinthu zonse awatsegulire mwana wawo mutu kuti azimvetse.

Vuto la asisi linali lakuti zolembedwa sizinkakhala m'mutu mwawo mpaka atazigwira ndi manja. Tsiku lina anayang'ana timipira tanga nthawi yaitali, kenako anatola todzaza dzanja, ine ndikudandaula kuti sitinaume. Anaika mwala pansi nati uyu ndi atomu, kanthu kakang'ono kosaoneka ndi maso kamene zinthu zonse zinapangidwa nako, madzi, mchere, mpweya, ngakhale ine. Timipirato anati ndi maelekitironi, tinthu tozungulira atomu kunja kwake. Anandiuza kuti pali lamulo: atomu sakhazikika mtima mpaka atazunguliridwa ndi timipira eyiti, ndipo akaperewera amagwirana ndi anzake, uyu kuikapo kamodzi, uyo kuikapo kamodzi, tiwirito n'kukhala ta onse awiri. Anzake a m'mbali tinkawaimira ndi nthanga za bwemba. Choncho tinaumba madzi: okosijeni pakati ndi timipira take sikisi, mahaidrojeni awiri aliyense kubwera ndi kamodzi, zonse eyiti. Tinaumba kaboni ndi mahaidrojeni ake anayi, eyiti. Tinaumba amoniya, amene asisi anati ndi fungo lija la pamene mbuzi zimakodzera, naitirojeni pakati ndi mahaidrojeni atatu, eyiti, koma timipira tiwiri titangokhala pamwamba popanda wogwirana nato. Ine zinandikomera kuposa masanje. Ndinkakonda kuti chilichonse chikutha bwinobwino, palibe wotsala ndi njala. Posakhalitsa ndinali ine woyala, asisi akundiuza dzina chabe, ndipo kuzungulira bwemba kunadzaza timabwalo ta eyiti eyiti.

Ndiye tsiku lina asisi anatembenuza tsamba n'kuusa moyo. Anati lamulo lija si onse amalitsata. Ine ndinakwiya ngati andinamiza. Anandikumbutsa kuti ngakhale haidrojeni uja, wamng'ono pa onse, amakhuta ndi tiwiri chabe, kungoti ife sitinkamuwerengera. Kenako anandionetsa boroni, amene ali ndi timipira titatu tokha take, motero amagwirana ndi anzake atatu, n'kuthera pa sikisi, osafika pa eyiti, koma chinthucho chilipo ndithu padziko. Anandionetsa fosiforasi, amene nthawi zina amafika teni, ndi salufa, wamkulu thupi, amene anzake sikisi amatha kumuzungulira, iye n'kukhala ndi thwelofu. Anati palinso ena otsala ndi kampira kamodzi kopanda mnzake. Izi ndi zimene zinkawasokoneza kwambiri, ndipo anandiuza kuti osamvera lamulowa ndiwayale paokha, asasakanikirane ndi enawo. Pamwamba pa chulu malo anali atatha. Ndinatsika pang'ono, n'kuyala boroni ndi sikisi wake pamalo osalala a mbali imodzi, salufa ndi thwelofu wake pamalo osalala a mbali ina. Mbali ya boroni inayang'ana munda wa aNyazimba. Mbali ya salufa inayang'ana munda wathu. Madzulo tinazisiya momwemo kuti mawa tidzapitirize.

ANyazimba anali mayi wachikulire wa mumpingo mwathu, woimba bwino, wouma thupi ngati nkhuni. Ana awo onse anali ku tauni, ndipo amuna awo anali chigonere, mbali imodzi ya thupi itafa. Ankalinda okha, ndipo chaka chimenecho mpunga wawo unkaoneka wopepuka, ngala zambiri zitaima chilili, pamene wathu unawerama mpaka kupsompsona madzi. M'mawa mwake tinawapeza atatitsogolera pachulu, ataima manja m'chiuno, ndipo anali atatuma kale mwana kukaitana adada. Anthu a minda yoyandikana anasiya zitini zawo n'kubwera.

"Atate ake Esinala, bwerani muwerenge nokha," anatero aNyazimba. "Izi zapamwambazi ndawerenga zonse, eyiti, eyiti, eyiti. Manje onani choyang'ana kwa ine. Sikisi! Onani choyang'ana kwanu. Thwelofu! Ziwiri zanga zapita kuti? Nanga zinayi zapamwambazo mwalanda kwa ndani?"

"Ambuya, ndi za kusukulu chabe," anatero asisi. "Uyo ndi boroni."

"Wamva? Ali ndi dzina lomwe! Iwe mwana, ine ndinakusambitsa uli wakhanda. Lero ukundiikira Boroni m'munda?"

Wina anaseka, koma kusekako kunafa msanga, chifukwa aNyazimba anatchula mawu amene kwathu satchulidwa mwamasewera. Anati tikukawa mpunga wawo. Kukawa ndi kukoka zokolola za mnzako ndi mankhwala, kuti zichoke m'munda mwake zilowe mwako popanda dzanja kuzigwira. Banja likapakidwa dzina limenelo, silichoka ndi sopo. Pachitsime anthu amasuntha ndowa zawo, pamaliro mbale yako imabwerera yosakhudzidwa, ndipo ana ako sapeza wosewera naye. Ndinaona nkhope ya adada ikuchita mdima. Amama anafika akupuma mothamanga. Anagwada pamatope pomwepo, anthu onse akuona, n'kunena chamumtima mawu amene ine ndekha ndinawamva chifukwa ndinali nditawakakamira chitenje: Ambuye, Inu mukudziwa.

Lamulungu lotsatira, mapemphero atatha, akulu a mpingo anatikhazika pansi pa mtengo kuseri kwa tchalitchi. Anapempha ba Mulenga kuti athandize. Ba Mulenga anali mwamuna wa ku migodi amene boma linamutumiza kudzagwira ntchito pakachipatala kathu, munthu wofatsa, wonena zoona nthawi zonse, ndipo tonse tinkamutcha adokotala. Ine ndinayala timipira pansi, asisi anatsegula buku, iye anavala magalasi n'kuwerenga mosamala, chala chikuyenda pamzere. Kenako anakweza mutu.

"Kukamba zoona, ife kusukulu tinaphunzira eyiti chabe," anatero. "Izi za sikisi na thwelofu nazionera muno lero. Koma zalembedwa, ndipo mwana wayala ndendende monga zilili m'buku. Ni sayansi iyi, amayi, palibe mankhwala."

Tinaganiza kuti nkhani yatha. Koma aNyazimba anaomba m'manja kamodzi n'kuyang'ana anthu. Anati mwamva nokha, ngakhale adokotala amene amatibaya jekeseni amadziwa eyiti, koma ana awa akudziwa zopitirira pamenepo. Anati buku likhale buku, iwo sadziwa kuwerenga zilembo, koma amadziwa kuwerenga ngala, ndipo munda wawo ndi wopepuka pamene wathu ndi wolemera. Atatero anayamba kulira, kulira kwa munthu wotopa. Akulu a mpingo anati tipemphere, tikaganize. Anthu anabalalika aliyense ndi maganizo ake, ndipo ndinaona amayi ena akudutsa patali ndi amama.

Titafika kunyumba adada anatenga buku lija n'kulisomeka kudenga, pakati pa phaso ndi udzu. Sanakalipe. Anati kuyambira lero palibe kuyala kanthu pachulu, palibe buku kumunda kapena pakhomo, ndipo ngati aNyazimba sabweza mawu awo ndi pakamwa pawo mpunga usanalowe m'nkhokwe, bukulo libwerera kwa mwini wake ndipo za mayeso zithere pomwepo. Anati sangagule unamwino ndi dzina la banja. Asisi sanalire pamaso pawo. Anapita kuseri kwa nyumba n'kuyamba kusinja chimanga chimene panalibe amene anawatuma, ndipo kulira kwa mtondo tsiku limenelo ndimakumvabe. Ine ndinakhala pakhonde mtima ukutentha. Sindinkadziwa chochita, koma ndinalumbira mumtima mwanga kuti buku lija litsika.

M'mawa mwake pachulu panali zii. Popeza ndinalibe choyala, ndinakhala ndi malegeni anga n'kumangoyang'ana. Mpheta zinabwera, ine ndinakoka chingwe, asisi anafuula, mtambo uja unanyamuka m'munda mwathu monga mwa masiku onse. Koma tsiku limenelo ndinautsatira ndi maso. Unakwera, unapindika, n'kukatera bwinobwino m'munda mwa aNyazimba, kumapeto kumene mawu awo sankafika. Iwo anathamangira uko akupunthwa m'matope, mbalame zinadumphira mbali ina. Dzuwa litakwera ndinawaona akunyamula kandowa kawo n'kupita kumudzi kukatembenuza amuna awo ndi kuwamwetsa phala, ndipo nthawi yonse imeneyo munda unatsala wopanda mlonda, mpheta zikudya ngati zaitanidwa paukwati. Zimenezi zinkachitika tsiku lililonse pamaso pathu, koma maso athu anali pa munda wathu ndi pa timipira. Ndinamva manyazi ndi chimwemwe nthawi imodzi. Ife tinali awiri, iwo anali okha, ndipo mbalame iliyonse imene tinkaithamangitsa tinkaitumiza kwa iwo.

Ndinawauza amama madzulo akusankha ndiwo. Iwo anati ngati Mulungu wakuonetsa, usadikire kuti akukankhe. M'mawa ndinanyamula timipira m'chitenje, n'kutsikira mbali ija ya chulu, kulowa m'munda mwa aNyazimba. Sanandilandire ayi. Anandithamangitsa ndi ndodo, nati ndabwera kudzamaliza zimene ndinayamba. Ndinabwerera mpaka m'malire, phazi limodzi pachulu, n'kuyamba kuponya kuchokera pamenepo. Anati timipira tanga tisagwere m'munda mwawo. Ndinasiya timipira, n'kugwiritsa mawu okha, ndipo mawu ndinali nawo. Iwo akapita kumudzi ndinkalowa mpaka pakati, kuthamanga uku ndi uku, misundu ikundiyamwa m'akakolo, ndipo akamabwera ndinkabwerera pamalire ngati sindinasunthe. Ankaona mapazi anga m'matope n'kungopitirira. Ndinapempha zitini zakale kwa ba Mulenga, ndinasenda luzi, n'kumanga chingwe chachitali mpaka kumapeto kuja kumene mbalame zinkakonda. Tsiku loyamba anachidula. Ndinachilumikiza. Anachidulanso, ndinachilumikizanso, ndipo pamapeto pake chinakhala ndi mfundo zambiri ngati msana wa ng'ona, koma chinakhala. Khungu linasupuka pamapewa, mawu anasasa, anzanga ankandiseka kuti ndalembedwa ganyu yopanda malipiro kwa munthu wotitukwana. Ndikafuna kufooka ndinkakumbukira buku lili kudenga likudyedwa ndi utsi.

Koma asisi nawo anatsala okha m'munda mwathu, opanda buku, opanda timipira, ndipo zimene anaphunzira zinayamba kuthawa m'mutu. Tsiku lina ndikufuna kufuula kuti mbalame zichoke, m'malo mwa kukuwa wamba ndinangopezeka ndakuwa kuti, "Okosijeni m'madzi?" Mbalame zinanyamuka. Kutsidya kwa chulu kunabwera yankho lalitali, "Eyitiii!" ndipo za kumeneko nazo zinanyamuka. Mpheta sizisankha mawu. Kuyambira pamenepo dambo lonse linasanduka kalasi. Ine ndinkafunsa, asisi ankayankha, nthawi zina iwo ankafunsa kuti andiyese. Haidrojeni? Tiwiri! Fosiforasi? Teni! Salufa? Thwelofu! Adada atamva anafuna kutiletsa, koma amama anawauza modekha kuti munthu wochita zoipa amabisa, manje ana awa akukuwa masana dzuwa likuswa mtengo, asiyeni anthu amve okha. Ana a minda ina anayamba kutengera osadziwa n'komwe tanthauzo, ndipo kamnyamata kena kanatcha galu wake Salufa. ANyazimba poyamba ankatseka makutu. Kenako anasiya kutseka. Ankakhala pansi pa kamsasa kawo akusenda bwemba, nkhope yolimba, koma ndinkaona milomo yawo ikuyenda.

Ngala zawo zotsala zinakhwima bwino. Sizinabwerere zimene zinadyedwa kale, koma zimene zinalipo zinawerama, ndipo munthu wowerenga ngala ngati iwo sakanalephera kuona. Tsiku lina dzuwa litapendeka mtambo waukulu unatsika, ine ndinakuwa ndi mawu anga osasawo kuti, "Boroni?" Kutsidya kunali chete, chifukwa asisi anali ndi mbatata yotentha m'kamwa. Ndinakuwanso. Ndiye kumbuyo kwanga kunaphulika mawu aja oimba m'tchalitchi, amphamvu ngati belu.

"Sikisiii! Iwe Esinala, wagona? Ngakhale ine nkhalamba ndadziwa!"

Mbalame zonse za minda iwiri zinanyamuka kamodzi. Ndinatembenuka. ANyazimba anali atagwira pakamwa ngati mawuwo awathawa osafuna. Tinayang'anana, ndipo iwo anayamba kuseka, kuseka mpaka kukhala pansi m'matope, misozi ikutsika. Atatha anandikodola, n'kundipatsa theka la chimanga chawo chootcha, nati, "Idya, kamfiti iwe, mawu atha." Aka kanali koyamba kundilola kukhala pansi pa msasa wawo.

Tinamweta mpunga wathu, kenako amama anatitenga tonse kukamweta wa aNyazimba. Koma mawu anali asanabwezedwe, ndipo adada anali munthu wosasintha chimene wanena. Mitolo inali itaunjikidwa pabwalo, nkhokwe itamatidwa kale, ine ndikungoyang'ana kunjira. Tsiku lopuntha, anthu atadzaza pakhomo kudzathandiza, fumbi la mankhusu likuyabwa m'khosi, tinaona aNyazimba akubwera ndi lichero pamutu. Anatula pamaso pa adada mpunga watsopano wopuntha kale, woyera, wonunkhira. Anagwada movutikira, n'kunena mokweza kuti onse amve kuti mawu aja anawalankhula ndi njala ndi kutopa, akuwabweza, ndipo amene adzawabwerezenso adzayankha yekha kwa Mulungu. Kenako anatembenukira kwa asisi.

"Manje ndiyalire Boroni wanga uja. Ndifuna ndimuone bwino. Moti amakhala choperewera chotero moyo wake wonse?"

Asisi anayang'ana adada. Adada anagwedeza mutu movomereza. Ndinathamanga kukatenga timipira, n'kuyala sikisi kuzungulira mwala. Asisi anati amatha kukhala choncho ndithu, ndipo palibe amene anamubera, ndi mmene alili. Koma anandiuza kuti ndiyale amoniya pambali pake, uja wokhala ndi timipira tiwiri topanda wogwirana nato. Anamukankhira pafupi, nati awiriwa akakumana, amoniya amabwera ndi tiwiri tonse, boroni osaikapo kalikonse, ndipo onse awiri amawerenga eyiti. ANyazimba anawerenga ndi chala, kamodzi, kawiri. Kenako anandigwira mapazi anga onse awiri, ong'ambika ndi matope, odzaza zipsera za misundu.

"Tiwiri timene Boroni wanga walandira si timapazi iti?" anatero. "Koma fungo lokha, mwana iwe, ukasambe."

Anthu anaseka mpaka ena kutsamira mitolo. Adada sanaseke. Analowa m'nyumba, tinamva mpando ukukokedwa, ndipo anatuluka ndi buku lija lakuda ndi mwaye. Analipukuta ndi malaya awo, mbali zonse, n'kuliika m'manja mwa asisi. Amama anayambitsa nyimbo yoyamika, aNyazimba anailandira, ndipo tinapuntha mpunga tikuimba.

Asisi analemba mayeso kumapeto kwa chaka, ndipo Mulungu ndi wabwino, anakhoza. Atabwera ndinawafunsa ngati boroni anabwera pamayeso. Anaseka nati ngakhale salufa ndi thwelofu wake sanaoneke, anafunsa za eyiti zokhazokha. Asisi anagwira unamwino zaka zambiri, ndipo amuna a aNyazimba m'masiku awo omaliza anasambitsidwa mabala ndi manja a asisiwo. Ine sukulu inandithera ku pulaimale, monga zinkachitikira atsikana ambiri nthawi imeneyo, ndipo sindidandaula, Ambuye anandipatsa gawo langa. Koma mwana wanga wamkazi atabwera tsiku lina kuchokera ku sekondale akuloweza kuti atomu aliyense amafuna eyiti, ndinamuuza ndikutsuka mbale kuti si onse, mwanawe, ukafunse za boroni. Anandiyang'ana ngati mbuzi yalankhula.

Chulu chija anachigumula oumba njerwa, bwemba anadula, ndipo aNyazimba anagona kalekale. Ndikapita kumudzi nyengo yolinda ndimamva zitini zikulira, koma palibe amene akukuwa maina achilendo aja. Chimene chinatsala mwa ine ndi ichi: Mulungu anaika malamulo m'zinthu zake, koma anasiyanso ena okhala ndi zochepa ndi ena okhala ndi zambiri, ndipo si nthawi zonse pamene wathwelofu wabera wasikisi. Komabe sindinaiwale kuti mayi uja sanalakwe kuwerenga. Munda wake unalidi wopepuka, ndipo mbalame zinkachokeradi kwa ife. Choncho ndikaona kwanga kwawerama, kwa mnzanga kwaima chilili, sindiyamba ndi kudziteteza kuti sindinabe. Ndimayamba ndayang'ana kumene mbalame zanga zikukatera.